Chikwangwani cha pa Linthipe

Zaka makumi awiri ndili pa Linthipe,
beseni la kachewere patsogolo panga,
ndipo amene ndawalozera njira
achuluka kuposa milu imene ndagulitsa.
Galimoto imaima, galasi limatsika:
"Mayi, kumapanga a zithunzi n'kuti?"
Ine ndi mlomo, ndi chigongono:
mukhotere kumadzulo,
fumbi likakulonjerani ndiye kuti simunasochere,
phiri mukaliona lakhala ngati lagwada, Mphunzi ndi imeneyo.
Amathokoza. Ena amagula mulu umodzi, wa manyazi.

Koma phazi langa linali lisanapondeko.
Chikwangwani sichipita kumene chimaloza.

Mwezi wa Juni Eneresi, mwana wa mlongo wanga,
anabwera ndi malipiro ake oyamba m'kachikwama.
"Azakhali, lero beseni ligone."
Ndinakana kawiri. Kachitatu
ndinali kumbuyo kwa njinga yamoto ya Lufeyo,
zitenje ziwiri m'mapewa,
chisanu chikundiluma makutu ngati ndili nacho ngongole.

Patsinde pa phiri tinapeza Filimoni
ndi ndodo yake, ndi buku losainamo alendo.
Ndinadinda dzina langa pang'onopang'ono
pansi pa mayina ochokera kutsidya la nyanja zamchere.
Kenaka chitunda.
Mawondo anga anawerenga mwala uliwonse,
mbira zikutiyang'ana pathanthwe
ngati eni mudzi oona mkamwini watsopano.
Ana a sukulu anatipitirira akuthamanga,
mphunzitsi wawo ali wefuwefu m'mbuyo.

M'phanga munali zii.
"Zofiirazi n'za Akafula," anatero Filimoni,
ndodo ikuzungulira m'malere osakhudza mwala,
mizere, timadontho, mabwalo m'kati mwa mabwalo,
mvula ya zaka zosawerengeka yalephera kuzitsuka.
Pambali pake wina adalemba dzina lake ndi makala,
ndinatsonya.

Ndiye ndodo inasunthira pa choyera,
chotambasula miyendo, mchira pansi.
"Ichi ena amati buluzi, ena ng'ona,
ena amati chikopa choyanika."
Ana analemba m'makope mwawo.

Ine m'mimba munati myuu.

Ndimachidziwa.
Ndili kamtsikana, usiku wa kutsimba,
Nangozo adachiumba pansi ndi dothi lonyowa,
nachiwaza ufa, nachidontheza katondo,
ng'oma ikulira pakati pa ntchafu za amayi,
natiuza dzina lake ndi chimene chimanena.
Kusanache adachifafaniza ndi mapazi
kuti tambala asachione.
Ndinkayesa chidathera pomwepo,
m'fumbi la nyumba imene idagwa kalekale.
Kani wina, mayi wina wa zala zoyera,
adachikweza pano pamene phazi silifika.

"Pali funso?" anatero Filimoni.
Mnyamata wabwino, wophunzira.
Ndinamanga mlomo ndi mfundo ziwiri.
Eneresi anandigwira pamkono:
"Mwatopa? M'masomo bwanji?"
Ndinati ndi mphepo, mwanawe,
mphepo ya kuno ilibe ulemu.

Pamwamba tinakhala pathanthwe lofunda,
tiyi wa m'fulasiki, zitumbuwa zinayi.
Minda ili ngati zigamba za chitenje chakale,
uko phiri la Dedza ndi nsanja zake zachitsulo,
uko mapiri amene Lufeyo akuti ndi Mozambiki kale.
Ndinafunafuna msewu wa tala, ulusi chabe,
ndipo pamene ndakhala zaka zonsezi
sipakwana ndi nsonga ya chikhadabo.
Ndinaseka mpaka tiyi kutayika.

Lolemba ndinali pabeseni langa,
ntchafu zikundikumbutsa chitunda.
Galimoto yaima, galasi latsika.
Kumadzulo, ndatero, fumbi, phiri logwada.
Kenaka ndaweramira pazenera:
nsapato zimenezo sizikakwera, mayi,
ndipo mukakalowa m'phangamo
muyambe mwaodira.
Muli akuluakulu.